Fodya wa Atsibweni ku Kelimane

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasochera m'dziko la eni ake, mumzinda wa Kelimane ku Mozambiki, ndipo amene anandisocheretsa ndi atsibweni anga enieni, mlongo wawo wa amayi, a Dayitoni. Ali moyo mpaka lero kwathu ku Phalombe, ndiye wina akawawerengera nkhaniyi asayerekeze kukana.

Ulendowo unali mphoto yanga. Chaka chimenecho ndinakhala nambala wani mu Sitandade 5, kuposa ngakhale ana a aphunzitsi ndi a anthu ogwira ntchito paboma, aja ankabwera kusukulu atavala nsapato ndi sokosi zomwe. Atsibweni anali atalonjeza pagulu, tsiku lina atasangalala pachinkhoswe, kuti ndikadzawaposa anawo adzanditenga kukaona madzi amchere kumene kumakocheza sitima. Ankayesa ndiiwala. Ine lonjezo sindiiwala, mpaka pano, afunseni amuna anga.

Mwayi unapezeka pamene a Twaibu, Msilamu wa golosale pa Migowi, anachita hayala lole yokatenga mchere ndi kokonati. Atsibweni anawatenga kuti azikawamasulira, poti anakhalako kutsidyako ali mnyamata. Chilomwe amachiyankhula bwino zedi, koma Chipwitikizi n'chongotola apa ndi apo. Amayi anayamba akana kaye kwamtuwagalu. Potsiriza anavomera, koma anawaloza chala atsibweni pamaso pa anthu.

"Achimwene, mwana ndili naye ndi yemweyu. Mukamutaya, inunso musabwere kuno."

"Aaa, iwe mlongo wanga," anatero atsibweni akuseka, "mwana ndi nkhuku kodi, yoti n'kudumpha m'dengu?"

Ndiyambe ndafotokoza za atsibweni ndi fodya wawo, chifukwa popanda zimenezi nkhaniyi singamveke. Ankasuta chingambwe cholima okha kuseri kwa khola la mbuzi, chakuda bii, chopota ngati nkhata. Ankachidula ndi kampeni n'kuchipichira m'khoko la chimanga. Fungo lake, abale inu! Likalowa m'zovala silinkachoka ngakhale muchape ndi sopo wamtundu wanji. Ndudu yopichira kale inkakhala kukhutu kwawo, pansi pa chipewa. Koma machesi ayi, sankayenda nawo. Akafuna kuyatsa ankamwaza maso kufuna kumene kukufuka utsi, n'kupita kwa mwini utsiwo, kuvula chipewa, kupinda bondo pang'ono, n'kuwomba m'manja ngati akulonjera apongozi. Akapatsidwa moto ankatsina chingambwe pang'ono m'kathumba kawo n'kumugawira munthuyo, kenako macheza osatha. Amayi ankati kumeneko n'kuumira basi, ndipo ine ndinkagwirizana nawo.

Tinadutsa pa Muloza, tinalowa Milanje, n'kuyenda tsiku lonse pamwamba pa lole mpaka matako kuchita dzanzi. Tinagona m'njira, ndipo kutacha tinali tili mu Kelimane. Lole inaima m'kamsewu kena kuseri kwa msika, pafupi ndi nyumba yosungiramo mchere. A Twaibu anatsika, anakonza kofiya yawo, n'kutiuza kuti, "Ine ndikhala pano kulongedza katundu. Inu zungulirani, koma mukangomva kuitana kwa swala yamadzulo mukhale mutafika. Ndikatuluka mumzikiti tikunyamuka. Dalaivala uyu ndi wamtima wapachala, sadikira munthu."

Chinthu choyamba chimene chinandisokoneza mumzindawo n'chakuti kunalibe phiri. Kwathu munthu sungasochere. Ukatukula maso, Mulanje ali uko, Michesi ali uku, basi wadziwa kwanu. Koma kumeneko dziko linali see, ngati m'dambo la mpunga, thambo lokha ndi mitengo ya kokonati. Kunkatentha kutentha konyowa, kokakamira pakhungu. Nyumba zinali zosanja, zakalekale, makoma ake akuda ndi ndere, ndipo zonse zinkaoneka zofanana. Zikwangwani ndinkaziwerenga mokweza monga mwana wa nambala wani, koma osatolapo kanthu. Ndiye poti zolembedwa zinandikana, maso anga anangokhala pa anthu, makamaka osuta, chifukwa n'kumene atsibweni ankandikokera.

Tisanapite patali, pangodya ya msika panakhala mayi wina wachikulire kumbuyo kwa mulu wa kokonati. Utsi unkatuluka m'mphuno mwake, ndudu ili pakamwa, koma moto sunkaoneka. Nditayang'anitsitsa ndinazindikira kuti mbali yoyakayo inali m'kamwa. Ndinakoka malaya a atsibweni.

"Atsibweni, mayi uyo akudya moto!"

"Tsitsa chala icho, munthu salozedwa," anatero, koma maso awo anali atawala kale. Anavula chipewa, anapinda bondo, anawomba m'manja, n'kunena mawu amodzi a Chilomwe: "Mooro." Ndiye kuti moto. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anasolola nduduyo m'kamwa ili psuu, n'kuwapatsira. Pomwepo Chilomwe chinabuka ngati anthu odziwana kalekale. Anali wa kumapiri kumene kunachokera makolo athu. Ine anandiboolera kokonati wamuwisi kuti ndimwe. Titachoka atsibweni anandiuza kuti azimayi akale a kwathu ankasutanso chomwecho, kuti mphepo isamalize fodya msanga, ndiponso phulusa lisagwere mwana kapena malonda. Ndinayenda kanthawi ndikuzunguza lilime m'kamwa, kuganizira m'mene kuyenera kuwotchera.

Nduduyo sinachedwe kuzima, poti chingambwe cha m'khoko chimazima munthu akangochulutsa zoyankhula. Tinafika pamphambano pomwe panali mtengo waukulu wa mango, pansi pake pali anyamata akabaza. Njinga mumzinda umenewo ndi zambiri kuposa anthu. Anyamatawo anali ndi ndudu imodzi yokha yogula, yoyera, imene inkazungulira gulu lonse. Aliyense ankakoka kawiri n'kupatsa mnzake, ndipo womaliza ankaipana ndi zikhadabo mpaka kupsa zala. Atsibweni analowa mumzerewo ngati nawonso ndi wakabaza. Anayatsira yawo, anagawa chingambwe, anyamatawo n'kumachinunkhiza akugwedeza mitu.

Koma zimene zinandiimitsa mutu zinali kutsogolo. Pakhonde la nyumba ina panali matebulo, anthu akumwa khofi m'tikapu tating'ono ngati toyezera mankhwala a ana. Patebulo lina panakhala mayi wovala buluku, magalasi ali pamutu, atasanjikiza miyendo, akusuta ndudu yaitali masanasana anthu akuona. Azibambo amasuti ankadutsa n'kumamupatsa moni waulemu. Kwathu mzimayi wotero nkhani yake ikanafika mpaka ku Chiringa tsiku lomwelo. Ndinaona atsibweni akukweza dzanja kulinga kuchipewa.

"Chonde atsibweni, apa pokha ayi. Atithamangitsa."

Anandimvera ngati? Anakwera khondelo ndi nsapato zawo zamatayala, anapinda bondo, anawomba m'manja. Ine ndinkangofuna pansi patang'ambika ndilowe. Mayiyo anadabwa kaye, kenako anaseka, anatulutsa kachitsulo koyatsira, kuthethetsa kamodzi moto uwo. Anatikhazika pamipando, ine n'kundiitanitsira buledi wawo uja wolimba kunja, wofewa m'kati. Kenako anapempha kuti alaweko fodya wa atsibweni. Anangokoka kamodzi, mayo ine! Anakhosomola mpaka misozi, magalasi n'kugwera patebulo. Mnyamata woperekera zakudya, wovala malaya oyera, anabwera atatseka mphuno. Anatenga chotsalira cha nduduyo ndi nsonga za zala ngati watola khoswe wakufa, n'kukachiponya m'chitini cha maluwa kumapeto kwa khonde. Atsibweni sanakhumudwe n'komwe. Ankangoti, "Malawi, Malawi," akudziguguda pachifuwa.

Womaliza anali mlonda wa tchalitchi china chakale m'mphepete mwa mtsinje, nkhalamba ya mkono umodzi, yosuta kaliwo. Anakhutula fodya wake, anathiramo chingambwe cha atsibweni, anakoka, n'kutsinzina ngati akupemphera. Awiriwo anakhala pamasitepe n'kumacheza ndi manja, poti chinenero chinkawavuta. Apa ine mtima unandikwera.

"Atsibweni, kodi tabwera kudzaona sitima kapena kudzapala moto?"

"Sitima sithawa, Edina," anatero. "Ndi yolemera."

Sitimayo ndinaionadi. Inali imodzi, yadzimbiri, yaitali kuposa buloko ya makalasi athu, itaima pafupi ndi chitsulo chachitali chokwezera katundu. Mtsinjewo unali wotambalala moti kutsidya kunkaoneka ngati kamzere kobiriwira. Ndinatsetsereka m'matope, ndinaviika chala n'kulawa. Mchere weniweni! Ndinatunga pang'ono m'kabotolo kuti ndikaonetse anzanga okonda kutsutsa a kusukulu. Mtima wanga unali mbee.

Dzuwa litapendeka atsibweni anati miyendo yawalemera, tikwere kabaza. Anaimitsa njinga ziwiri, ina yawo ina yanga, analipiriratu, n'kuwauza anyamatawo kuti, "Merikado," kutanthauza kumsika. Chimene sanaganize n'chakuti mzinda si Migowi kumene msika ndi umodzi.

Wondipalasa ine anali waliwiro. Nditacheuka ndinaona atsibweni atatsika, wakabaza wawo atawerama akulimbana ndi tcheni. Ndinamumenya pamsana wangayo kuti aime, koma iye ankangoseka, kuyesa ndikuti awonjezere moto. Tinakhota, tinakhotanso, tinadutsa m'tinjira ta madzi onunkha, mpaka ananditsitsa pamsika wina waukulu wa makala ndi nsomba zouma umene ndinali ndisanauone. Ndisanatsegule pakamwa, mayi wina wonenepa anali atakhala kale pakaliyala, iwo ulendo.

Ndinaima pomwepo kudikira. Njinga zinkabwera, zinkapita, koma chipewa cha atsibweni osaoneka. Mapepala anga a paboda anali m'thumba la jekete yawo. Foni ndinalibe, ndipo yawoyo inali itasiya kugwira titangowoloka malire. Dzina la msewu umene panali lole sindinkalidziwa. Ndinayesa kuyankhula ndi mayi wina wogulitsa makala. Ndinati lole, ndinati mchere, ndinati Malawi. Anandiyankha m'chinenero choti mawu ena ankamveka ngati athu, koma ukati uwagwire n'kupulumuka. Analoza uku, analozanso uko, n'kubwerera kumakala ake. Kenako ndinaona apolisi awiri akubwera ndi mfuti. Ndinali nditamva kuti mwana wopanda mapepala amamutsekera osadzaonekanso, ndiye ndinabisala kuseri kwa matumba. Ndisaname, ndinalira. Ndinkaganiza za lole ikunyamuka, ine n'kutsala m'dziko lopanda phiri, ndiponso za amayi ataima pamsewu pa Migowi akuyang'ana anthu akutsika.

Apolisi atadutsa ndinaona mnyamata wina atatsamira khoma akusuta. Ndinaganiza kuti atsibweni akanadutsa pamenepa sakanamulambalala. Ndinamuyandikira n'kuyamba kumufotokozera ndi manja za munthu wachipewa wopempha moto. "Moto, moto!" ndinatero ndikuloza ndudu yake. Nkhope yake inawala. "Mota?" Anaimba likhweru, ndipo posakhalitsa njinga yamoto inaima patsogolo panga, mwini wake akumenya pampando kuti ndikwere. Kani iwo njinga yamoto ndiye amaitchula choncho! Ndinaliyatsa liwiro osacheuka, kuopa kuti anditengeranso kumsika wachitatu.

Ndinakaima pansi pa khonde lina ndikupuma wefuwefu, ndipo m'malo mwa misozi munabwera mkwiyo. Ine Edina, nambala wani wa kalasi yonse, kuthera pamsika wa makala? Ayi ndithu. Ndinadzifunsa monga ankatifunsira aphunzitsi a masamu: wapatsidwa chiyani, ukufuna chiyani? Misewu sindinkaidziwa, nyumba sindinazisunge. Chimene ndinali nacho ndi anthu osuta aja. Aliyense wa iwo anationa tikubwera, ndiye kuti aliyense ankadziwa mbali imene tinatulukira. Mlonda akhoza kundilozera kwa mayi wa buluku, mayi wa buluku kwa akabaza, akabaza kwa mayi wodya moto, ndipo mayi wodya moto anali pafupi ndi lole. Chongofunika n'kupeza mlondayo, ndipo iye anali kumtsinje. Mtsinje subisala. Ndinakwera pakhoma lalifupi, ndinamwaza maso pamwamba pa madenga, n'kuona nsonga ya chitsulo chokwezera katundu chija. Ndinatsika n'kuyamba kuyenda, maso ali pachitsulocho.

Unali mtunda ndithu, ndipo patapata wanga anaduka m'njira, ndinachita kumunyamula m'manja. Koma fungo la matope amchere linkakulirakulira, mpaka ndinatulukira kumtsinje n'kuona tchalitchi chija. Mlonda anali pomwe paja pamasitepe. Sindinataye nthawi ndi mawu. Ndinaima patsogolo pake, ndinavula chipewa chimene ndinalibe, ndinapinda bondo, ndinawomba m'manja, n'kugwira kukhutu. Nkhalambayo inaseka mpaka kaliwo kugwera pamiyendo. Kenako inasuzumira kumbuyo kwanga, inaona kuti ndili ndekha, kuseka kuja n'kuduka. Ndinayendetsa zala ziwiri pachikhatho chobwerera m'mbuyo, n'kutambasula manja kufunsa kuti kuti. Anamva. Anadzuka, anandiperekeza mpaka pangodya, n'kuloza ndi kaliwo msewu wa mitengo mbali zonse ziwiri. Anandigwira pamutu ndi dzanja lake limodzilo, n'kundikankha pang'ono kuti ndizipita.

Mumsewuwo makonde a matebulo analipo angapo, ndipo onse ankafanana. Mayi wa buluku sankaoneka paliponse. Apa mtima unagwanso, chifukwa ndinali nditawerengera iyeyo. Ndinayenda khonde ndi khonde ndikusuzumira m'zitini za maluwa ngati wamisala, mpaka m'chitini china ndinachiona: kakhoko ka chimanga kopserera kunsonga. Chimanga cha m'munda mwathu, abale, chili m'maluwa a Apwitikizi! Ndikuchitola, mnyamata wa malaya oyera uja anatuluka akukupiza kansalu kuti andithamangitse, kuyesa ndine mwana wopemphetsa. Sindinasunthe. Ndinatukula kakhokoko mpaka pamphuno pake. Anadumpha chammbuyo.

"Malawi!" anakuwa, anthu a pamatebulo n'kutembenuka.

"Eee, Malawi," ndinayankha, n'kumuchitiranso zala zoyenda chobwerera zija. Anaganiza pang'ono akukanda chibwano, kenako anandigwira paphewa, ananditembenuza, analoza kutsogolo n'kupinda dzanja kumanzere. Anandipatsanso madzi ozizira m'tambula, ndipo ndinamwa osapumira.

Mtengo wa mango ndinaupeza, koma pansi pake panali mbee, popanda ngakhale njinga imodzi. Misewu inagawikana patatu. Ndili chiimire choncho, mawu anamveka pamwamba pa madenga, aatali, okoka: kuitana kwa swala yamadzulo. Ndinathamangira msewu umodzi, ndinabwerera, ndinayesa wina, ndinabwereranso. Ndipo pomwepo kamphepo kanawomba, mphuno yanga n'kugwira chinthu chimene ndinkachidziwa kuposa dzina langa. Fungo lija ndinkalitukwana pochapa malaya a atsibweni linali kubwera kuchokera kuseri kwa mpanda wina. Ndinalitsatira ngati galu wosaka. Kuseriko kunali mmodzi wa akabaza aja, njinga ataigadamitsa akumata chubu, pakamwa pali chingambwe chopichira m'pepala, akukhosomola koma osachitaya.

Anandizindikira ndisanachite n'komwe sewero langa. Anagwira kukhutu kwake n'kupinda bondo, tonse n'kuseka. Anafuna kuitana mnzake kuti andikweze, koma ine njinga ndinali nditakhaula nazo, ndinakana ndi mutu ndi manja omwe. Ndiye anasiya chubu chake, anayenda nane mpaka pokhota, n'kuloza. Chapatali ndinaona mulu wa kokonati, ndi kautsi kakukwera pamwamba pake.

Ndinathamanga patapata ali m'manja. Chilomwe chonse chimene ndinkamva kwa akuluakulu kwathu chinandithawa, kunangotsala mawu amodzi, ndipo ndi amene ndinakuwa ndili patali: "Mooro! Mooro!" Mayi uja analavula ndudu yake, anaimirira kokonati n'kugubuduka mumsewu, anandikumbatira mwamphamvu akulankhula mofulumira. Ndinatolapo zoti atsibweni anafika pamenepo akulira ngati pamaliro, n'kuthamangiranso kwina. Sindinadikire kuti amalize. Kuseri kwa phewa lake ndinali nditaona kale tenti yobiriwira ya lole yathu.

Injini inali ikulira. A Twaibu anali atangotuluka mumzikiti, ataima kutsogolo kwa lole atatambasula manja, akukangana ndi dalaivala. Atandiona anagwira mutu.

"Alihamudulila! Mwana iwe, wachokera kuti? Atsibweni ako ali kuti?"

"Kaya. Ndimayesa ali kuno. Ndipite ndikawafune?"

"Iwe! Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Takupeza iweyo, sutsikanso." Anandinyamula ngati thumba n'kundikhazika pamwamba pa mchere. Dalaivala anazimitsa injini akung'ung'udza.

Sipanapite nthawi yaitali, ndinawaona atsibweni akubwera kumapeto kwa kamsewuko. Sindinawaonepo ali choncho. Chipewa panalibe, nsapato inatsala imodzi, malaya ali chonyowa ndi thukuta, akuyenda ngati munthu wodwala malungo. Sanakweze maso. Anafika pamaso pa a Twaibu n'kuyankhula ndi mawu osasa.

"A Twaibu, nyamukani. Ndazungulira misika yonse, mwana sindinamupeze. Mukawauze kwathu kuti Dayitoni watsala. Nkhope ya mlongo wanga ine sindingaione."

A Twaibu, nawonso ndi munthu wachipongwe, anangopisa manja m'thumba la mkanjo n'kumayang'ana kumwamba ngati akuona nyengo. Ine ndinakhala bwinobwino pathumba la mchere, ndinasanjikiza miyendo ngati mayi wa buluku uja, n'kunena kuti:

"Atsibweni, mwachedwa. Lole imafuna kukusiyani."

Anatukula mutu pang'onopang'ono. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Onyamula mchere anasiya ntchito n'kumaonerera.

"Wakubweretsa ndani?"

"Ndabwera ndekha."

"Njira waidziwa bwanji, mwana iwe?"

"Ndafunsa anzanu aja."

"Anzanga ati? Ine muno ndilibe mnzanga."

Ndinawatchulira mmodzimmodzi, kuyambira mlonda mpaka wakabaza, n'kuwaonetsa kakhoko ka chimanga kamene kanali kadakali m'manja mwanga. Iwo eni ake zoti anthu amenewo angathandize sanaziganizeko n'komwe, anangothamangira m'misika ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anaimirira, anasasa fumbi, n'kutembenukira kwa onyamula mchere aja, anthu oti Chichewa sankachimva. Anandiloza ndi manja awiri n'kukuwa kuti, "Mwamuona uyu? Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu! Sindinamupeze ine, wandipeza ndi iyeyu!" Anthuwo anawomba m'manja osadziwa chimene akuwombera. Ine pamwamba pa mchere paja ndinkadzimva ngati ndakwera ndege. Lole itanyamuka tinadutsa pangodya ya msika, ndipo mayi wa kokonati anatiimikira dzanja, ndudu ina ili kale m'kamwa.

M'njira atsibweni anandinyengerera kuti kunyumba tisakanene. Anandigulira nthochi pa Mokuba, anandigulira mpango pa Milanje. Zonse ndinalandira ndi manja awiri, ndipo titangofika ndinaulula ndisanatule n'komwe chikwama. Nkhani yokoma chotere ndikanaisunga bwanji? Amayi anakwiya zedi moti atsibweni anatha sabata akudya kwa anzawo.

Lero ndine mlangizi wa zaumoyo, ndimayenda m'midzi ya ku Jenala, ndipo wina asaganize kuti ndikuyamikira fodya. Ndimadana naye. Ndaona zifuwa zimene wawononga, ndipo cha atsibweni ndi chimodzi mwa izo. Ine ndi amene ndinawalanda kathumba kaja, titakangana mpaka mudzi wonse kumva, ndipo kuseri kwa khola kuja pano kuli mpiru. Koma chimene ndinachitola ku Kelimane si za fodya ayi. Anthu amene anandilozera njira aja sankadziwa dzina langa, ndipo tsiku limenelo anaona anthu ambirimbiri akudutsa. Anatikumbukira ifeyo chifukwa tinaima, tinawapempha kanthu kakang'ono, n'kuwasiyira kathu.

Anzanga ena akatumizidwa kumudzi wachilendo amafika ndi madzi awo, chakudya chawo, mapu a pafoni, osasowa kanthu kwa munthu. Amagwira ntchito n'kubwerera, ndipo mawa lake palibe amene angakuuzeni kuti anavala zotani. Ine ndikafika, botolo lamadzi limakhala m'chikwama, koma ndimaima pakhomo loyamba n'kupempha akumwa. Njira ndimafunsa ngakhale ndikuidziwa. Amandiseka kuti ndimachedwa, ndipo n'zoona, ndimachedwadi. Koma mutandifuna lero m'midzi yonseyi, musavutike ndi foni yanga. Imani pakhomo lililonse la m'mbali mwa njira mufunse, akulozerani kumene ndalowera.